Tenisi Yoonera Pakhomo la Sitolo

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba ndinayamba ganyu wosankha mtedza pasitolo ina ku Malomo. Mwini sitoloyo anali Msilamu, bambo wachikulire wa ndevu zoyamba imvi, ndipo nyengo yozizira ikafika ankagula mtedza ndi soya kwa alimi a m'midzi yathu. Ife amayi tinkakhala pakhonde, aliyense lichero pamiyendo, n'kumachotsa mtedza wachuku, wofota ndi timiyala. Anzanga ankalimbirana mbali ya dzuwa kumapeto kwa khonde, chifukwa mphepo ya mu Julaye kwathu kumapiri kuno imalowa mpaka m'mafupa. Ine ndinkayala thumba langa pafupi ndi chitseko, pamthunzi, pamalo pamene aliyense ankapakana. Ankati ndimathawa anthu chifukwa cha manyazi, ndipo ndinkawasiya aziganiza choncho. Koma ukakhala pamenepo n'kupendeketsa mutu pang'ono, unkaona kanema amene anali pamwamba pa shelefu ya sopo m'sitolomo. Malo amenewo ndinkawasamala kuposa china chilichonse pa Malomo, ndipo ndinkadziwa kuti ndidzakhala nawo pokhapokha ngati palibe wazindikira chimene ndimachita pamenepo.

Miyezi yambiri kanemayo ankaonetsa mpira wamiyendo, anyamata n'kumadzaza mpaka panja. Mpira wa kunja ukapuma, mwini sitolo ankaika tenisi. Anaidziwira ku Joni, kumene anagwirako ntchito yosesa bwalo la masewerowa ali mnyamata. Nthawi yomweyo ya mtedza ndi imene kumakhala mpikisano waukulu wa ku Mangalande, umene amasewera pakapinga wometedwa bwino, osewera onse atavala zoyera. Anyamata a mpira akangoona zoyerazo ankatuluka akudandaula. Ankatsala anthu ochepa, ndipo amene sankaphonya anali aphunzitsi ena opuma ntchito, atelala amene ankasokera pakhonde lomwelo, ndi amuna anga. Amuna anga amapalasa kabaza. Ankati amadikirira makasitomala a matumba, koma zoona zake ankafuna kuti aphunzitsi ndi mwini sitolo aziwawerengera ngati munthu wodziwa zinthu.

Palibe anandiphunzitsa malamulo ake. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, Chizungu cha owulutsa chinkangondidutsa, ndipo manambala a pangodya ya kanema ankabisika ndi mulu wa mapatapata wolendewera kudenga. Ndinkaphunzira ndi makutu, pomva zimene azibambowo ankakangana, ndi maso, poyang'ana nkhope za osewera. Chimene chinandigwira mtima ndi bata lija. Anthu adzaza bwalo lonse, koma wina akafuna kuyambitsa mpira onse zii, ngati pamaliro asanayambe kulalikira. Kenaka anthu awiri okha, popanda mnzako womuloza chala zinthu zikalakwika. Manja anga ankasankha mtedza okha. Mtedza wachuku umamveka m'zala, sufuna maso.

Azibambowo anali ndi lamulo lawo. Tsiku loyamba la mpikisano aliyense ankatchula wosewera mmodzi, wamwamuna kapena wamkazi, amene akuti adzatenga chikho. Wosewera wako akadali mumpikisano, unkakhala pabenchi la kutsogolo kwa kauntala. Akangogonja, unkanyamuka n'kukaima kumbuyo mpaka mpikisano utatha. Sitoloyo inali yaing'ono, yodzaza matumba, choncho kumbuyo kunalibe kwina koma pakhomo penipeni. Ena akachotsedwa pabenchi ankakhumudwa n'kusiya kubwera. Amuna anga ayi. Chaka choyambacho anasankha mnyamata wina chifukwa cha tsitsi lake lomanga ndi kansalu, ndipo mnyamatayo anagonja tsiku lachiwiri lomwe. Kuyambira pamenepo amuna anga anaima pakhomo, miyendo atatangadza, jekete lawo lalikulu la kabaza litatseka mpata wanga wonse. Mpikisano wonsewo ndinauonera pansi pa mkhwapa mwawo. Akakweza dzanja kuti atsutse mfundo, ndinkaona theka la bwalo. Akatsitsa, ndinkaona jekete.

Wina angafunse chifukwa chimene sindinangowauza kuti asunthe. Kunena mawu amenewo pakhonde kukanakhala kulengeza kuti ndikuonera. Pakati pa amayi osankha mtedza panali alamu anga, alongo awo a amuna anga, munthu amene nkhani siigona m'kamwa mwake. Ine ndinatengedwa kukakhala kwawo kwa amuna anga, ndipo ndinali ndisanazolowerane ndi apongozi. Zikanamveka kuti mkamwana amakhala akuyang'ana anthu ovala makabudula ndi timasiketi tofupika pamodzi ndi azibambo, mwana ali kumsana. Ngakhale kunyumba sindinanene chaka chimenecho. Ndinkangopsa mtima ndekha, n'kumaponya timiyala ta mumtedza molimba kuposa mmene pankafunikira.

Panalinso vuto lina limene tonse tinkalimva. Nthawi ya swala ikakwana, mwini sitolo ankazimitsa kanema, kuika rimoti m'thumba la mkanjo wawo, n'kupita kumzikiti. Sankasamala kuti masewero afika pati. Aphunzitsi anayesapo kuwapempha kuti asiye rimotiyo, koma anayankhidwa kuti Mulungu sadikira seti yomaliza, kunena chigawo chomaliza cha masewerowo. Ndiye azibambowo ankatsala akuyang'ana galasi lakuda, ndipo m'pamene mikangano inkayamba.

Mkangano waukulu unali wa masewero abwino kuposa onse amene anaonapo pakapinga. Aphunzitsi ankati ndi aja amene mvula inawadula kangapo, wosewera wamanzere n'kudzapambana dzuwa litalowa. Atelala ankati kunalibe mvula tsiku limenelo, ndi magetsi amene anazima kuno ku Malomo, ndipo aphunzitsi anasokoneza mdima wa m'sitolo ndi mdima wa ku Mangalande. Atelalawo ankakonda masewero ena, amene mkulu wina anaterereka n'kusupuka bondo, nadzuka magazi akuyenderera pasokosi yoyera, n'kupambanabe. Aphunzitsi ankati mkuluyo sanapambane. Atelala ankati anapambana. Mwini sitolo akabwerako ankawauza kuti onse awiri sanaone mathero ake, chifukwa iwo eni ndi amene anazimitsa kanema tsikulo. Zimenezi sizinkathetsa kanthu. Mawa lake ankayambiranso pomwepo.

Tsiku lina atelala anati, "Kapinga wa masiku ano ndi wa feteleza, aphunzitsi. Mpira ukumayenda ngati uli m'dambo. Kale mpira unkaterera ngati mlamba."

Aphunzitsi anafunsa, "Kale lake liti, a telala? Inu kanema mwayamba kumuona sitolo ino itagula dishi."

"Ndinkamva pawailesi."

"Munkamva kapinga pawailesi?"

Amuna anga ankaseka mokweza kuposa onse, kenaka n'kunena mfundo yomwe wina wanena kale. Palibe ankawayankha. Ine ndinali ndi zanga zambiri zoti ndinene, zinkafika pakhosi n'kubwerera.

Chaka chotsatira mwana anali atayamba kuyenda, ndipo ndinaganiza kuti sindioneranso jekete. Madzulo ena, mpikisano utatsala pang'ono kuyamba, tinkabwerera kumudzi, ine ndi mwana pakaliyala ya njinga ya amuna anga. Kulankhula ndi msana wa munthu n'kosavuta kusiyana ndi nkhope yake. Pa chitunda china chachitali, amuna anga akupuma movutikira, ndinawafunsa kuti chaka chino asankha ndani. Anatchula mnyamata wa kansalu yemwe uja. Ndinati ameneyo amaima mowongoka ngati mzati, ndipo pakapinga mpira sukwera, umabwera chapansi. Ndinati kuli mayi wina wamfupi, wamiyendo yolimba, amene chaka chatha ndinamuona pang'ono. Amapinda maondo ngati munthu wopalira mtedza, ndipo mpira wapansi suumudutsa.

Anaimitsa njinga n'kundiyang'ana. Anafunsa kuti ndinamuonera kuti. Ndinayang'ana kumbali n'kunena kuti pakhomo. Anaseka mpaka mwana naye anayamba kuseka. Kenaka tinakankha njinga mpaka pamwamba pa chitunda, ndipo tikutsetsereka anandifunsa, mosatembenuka, kuti mayiyo ndi wa dziko liti. Sindinkadziwa. Ndinangoti amavala kachipewa kopanda denga ndipo sakuwa akamamenya mpira. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti asauze munthu kuti mawuwa achokera kwa ine. Anati, "Ndingauze ndani? Anthu angandiseke."

Tsiku loyamba anadikira mpaka mayiyo ataoneka pakanema, n'kumuloza. Aphunzitsi anati ndi kusankha kwa munthu wosadziwa. Aphunzitsiwo anasankha mtsikana wina wamtali kwambiri, amene mpira wake woyambira unkalira ngati chikwapu. Atelala anasankha mwamuna wina amene ankati ndi yekhayo amene malaya ake amamukhala bwino. Mayi wanga wamfupi anapambana tsiku limenelo, anapambananso ulendo wotsatira, ndipo amuna anga anakhazikika pabenchi. Pakhomo panatseguka. Ena ogonja ankaimapo kanthawi n'kumapita. Kwa nthawi yoyamba ndinaona bwalo lonse, mizere yake yoyera, ana otola mipira akuthamanga chowerama, ndiponso mmene kapinga ankathera tsiku ndi tsiku pamalo oimapo osewera mpaka kuoneka dothi ngati njira ya kumjigo.

Madzulo alionse panjinga ankandifunsa zimene ndaona, ndipo mawa lake ndinkamva mawu anga akutuluka m'kamwa mwawo nthawi ya swala. Ankawasokoneza. Ndikanena kuti mayiyo amabweza mpira kumapazi kwa mnzake, iwo ankati amamenya mnzake kumapazi. Ndikanena kuti kapinga akatha mpira uyamba kukwera ndipo zimuvuta, iwo ankasiya mbali ya kumuvutayo chifukwa sinkawasangalatsa. Koma za kupalira mtedza zija anazinena bwino, ndipo mwini sitolo anagwedeza mutu n'kunena kuti a kabaza ali ndi diso. Amuna anga anafika kunyumba tsiku limenelo akuimba mluzu. Zinkandiwawa pang'ono, sindibisa, kumva munthu akuyamikiridwa ndi mawu ako. Koma ndinali ndi mpata wanga, ndipo ndinkati zimenezo zandikwanira.

Masewero omaliza a amayi anali Loweruka masana. Anatsala awiri, wamfupi wa amuna anga ndi wamtali wa aphunzitsi. Ndinafika molawirira, ndinampatsa mwana mbatata yowotcha kuti asavute, ndinayala thumba langa. Kunja kunali mitambo ndi kamphepo, anzanga onse atadzikuta zitenje kumapeto kwa khonde. M'sitolo munabwera anthu ochulukirapo, koma anakhala pamatumba chifukwa sanali m'gulu la osankha, ndipo pakhomo panalibe munthu.

Wamfupi anayamba bwino. Mipira ya chikwapu ija ankaibweza chapansi, wamtali n'kumawerama mochedwa. Anatenga seti yoyamba, amuna anga n'kuimirira kugwira aphunzitsi paphewa, chinthu chimene sakanayerekeza chaka chatha. Seti yachiwiri itangoyamba, kumzikiti kunamveka kuitana. Mwini sitolo anadzuka, kanema n'kuzima.

Nthawi imeneyo amuna anga analankhula kuposa masiku onse. Anati iwo anaona kalekale kuti utali si kanthu pakapinga. Anati munthu wopalasa njinga m'mapiri amadziwa miyendo yolimba akaiona. Anauza aphunzitsi kuti ayambe kuzolowera kuimirira, pakhomo pamadutsa mphepo, abwere ndi sikafu. Aphunzitsi sanakwiye. Anati masewero omaliza saseweredwa ndi miyendo, amaseweredwa ndi mtima, ndipo mayiyo sanafikepo pamenepa chibadwire. Mawu amenewo anandilowa, chifukwa inenso ndinali nditaona kuti akamapukuta nkhope ndi thaulo dzanja lake silinkakhazikika.

Kanema atayakanso, zinthu zinali zitatembenuka. Sitinaone kuti zinayamba bwanji. Wamfupi anali kumbuyo, ndipo mpira wake woyambira unkagwera mu ukonde, kubwereza n'kugweranso momwemo. Maondo aja ankapindabe, koma mochedwa. Pamalo pamene kapinga anatha mpira unkadumpha kufika pachifuwa pake, pomwe wamtali ankaufuna. Seti yachiwiri inapita. Yachitatu sinachedwe. Ndinaona mpira womaliza ukumudutsa kudzanja lamanja, iye osasuntha n'komwe, kenaka akuyenda kupita pa ukonde kukapereka moni, nkhope itauma. Ndinamva chisoni ngati ndi m'bale wanga. Komabe mumtima ndinati ndaona masewero omaliza mpaka mpira wotsiriza, ndipo mawa kuli ena a amuna.

Aphunzitsi anaimirira pang'onopang'ono, anakonza kolala, n'kunena kuti, "A kabaza, chitseko chija chakusowani."

Atelala anawonjezera kuti munthu wodziwa miyendo ayenera kuigwiritsa ntchito, aimirire. Anthu a pamatumba anaseka. Wina anati apite akapalire mtedza ndi mayi wawoyo. Amuna anga anayesa kuseka nawo, koma zinawakanika. Ndi munthu amene sapirira kusekedwa. Atelala anapitiriza, anati diso lija mwini sitolo analiyamikira lili ndi ng'ala.

"Si ine ndinasankha," anatero amuna anga. "Ndi awa."

Analoza ndi chibwano kukhomo. Mitu yonse inatembenuka. Ine ndinali nditapendeketsabe mutu, dzanja lili mulichero, ndipo panalibe njira yonamizira kuti ndikuyang'ana kwina.

"Ndi awa amene anandiuza za maondozo. Amaonera tsiku lililonse pamenepo. Ine ndikanasankha ndekha ndikanatenga wamtaliyu."

Kenaka atelala anawomba m'manja kamodzi. "Alamu, kodi kochi ndinu? Ndiye takhala tikukangana ndi munthu wolakwika masiku onsewa."

Sanatero mwachipongwe chenicheni, ndi mmene amalankhulira ndi aliyense. Koma mawu awo ndi okweza, ndipo anafika mpaka kumapeto kwa khonde. Ndinamva malichero akuima. Ndinamva alamu anga akufunsa kuti kwachitika chiyani, wina n'kuwayankha monong'ona, kenaka kuseka kobisa m'chitenje. Ndinakoka mwana, ndinamuika kumsana ngakhale sankalira, ndinaweramira mtedza. Aphunzitsi anandifunsa kanthu kena mwaulemu, ndikuganiza kuti za kapinga wothayo, koma sindinamve bwino.

Pobwerera sindinakwere njinga. Ndinayenda pansi, iwo akukankha njinga pambali panga. Anafunsa chimene chandikwiyitsa. Anati anthu andiyamikira, aphunzitsi anena kuti kufikitsa wosewera kumasewero omaliza si zamasewera, ndiye vuto lili pati. Ndinati ndinawapempha chinthu chimodzi chokha. Anati anaiwala, mutu unatentha. Kenaka anati ndipotu ndikanawauza bwino za dzanja lonjenjemeralo asanayambe kudzitama. Pamenepo ndinangofulumira kuyenda. Tisanafike n'komwe kumudzi alamu anga anatipitirira panjinga ya munthu wina, n'kundikuwira kuti, "Tatsogola, a kochi." Ndinadziwa kuti nkhani ikafika kwa apongozi ine ndisanafike. Apongozi sananene zambiri. Anangondifunsa, ndikuwapatsa madzi osamba m'manja, ngati mtedza wa ku Malomo amasankhira m'kanema masiku ano.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapitabe. Ndinalimbana nazo njira yonse, koma ndinkafuna kuona masewero a amunawo. Wa atelala uja, wa malaya okhala bwino, anali atafika kumapeto, ndipo ankakumana ndi mnyamata wina wothamanga ngati gwape amene ndinkamukonda mwakachetechete. Ndinaganiza kuti mwina anthu aiwala.

Sanaiwale. Nditafika ndinapeza benchi alisunthira pakati, aphunzitsi ali mbali ina, atelala mbali ina, ndipo kumapeto kwake atayalapo thumba latsopano loyera. Amuna anga anali ataima kale pakhomo ndi jekete lawo. Mwini sitolo anatuluka kuseri kwa kauntala, anabwera mpaka pakhonde, n'kundilankhula motsitsa mawu.

"Mwana wanga, lowani mukhale pabenchi. Amene wosewera wake wafika kumapeto saonera panja. Mtedza udikira."

Ankanena zoona, sankandiseka. Ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Malo anali pamenepo, kutsogolo kwa kanema, popanda mapatapata otchinga manambala. Kunali kungokwera sitepe imodzi. Ndinayang'ana kumapeto kwa khonde, ndipo amayi onse anali atasiya ntchito, alamu anga ali patsogolo, chibwano chili m'manja. Ndinaganiza za kukhala benchi limodzi ndi azibambo, amuna anga ataimirira kumbuyo kwanga, msika wonse wa Malomo ukudutsa pakhomo. Ndinaganiza za mmene nkhaniyo ikafotokozedwere kumjigo mawa. Ndinagwada pang'ono n'kunena kuti zikomo, ndili ndi ntchito. Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti anachita kundifunsanso.

Ndinayala thumba langa pamalo anga akale. Amuna anga, pofuna kukonza zinthu, anasuntha n'kudzipanikiza kuchitseko kuti andisiyire mpata, ndipo anachita zimenezi moonekera, akundikodola kuti ndione. Masewero anayamba. Nditangopendeketsa mutu, kumapeto kwa khonde wina anatsokomola, ena n'kuseka. Ndinaweramanso. Mnyamata wothamanga uja anachita chinthu china chimene chinadzutsa anthu m'sitolo, atelala n'kutembenuka kufuula kuti, "Alamu, mwaona zimenezo? Mukuti bwanji?" Sindinaone. Ndinkayang'ana mtedza. Patapita kanthawi ndinayesanso kukweza maso, ndipo ndinakumana ndi maso a aphunzitsi, akundiyang'ana kuti aone ngati ndikugwirizana ndi zimene anena. Kanema anali pomwe paja, mpata unali waukulu kuposa kale, koma tsopano woonedwa ndinali ine.

Ndinanyamula lichero, thumba ndi mwana, n'kuzungulira kuseri kwa sitolo. Kumeneko kuli kabwalo kotchingidwa ndi mpanda wa njerwa, kumene akazi a mwini sitolo amayanika mtedza wonyowa. Anandiyang'ana, anandisunthira mpando waung'ono. Patapita nthawi anati iwo akhala ndi kanemayo zaka zambiri ndipo sanamvetsepo chimene anthu amaona pa kampira kamodzi kopita uku ndi uku. Ndinafuna kuwafotokozera, koma sindinadziwe poyambira, ndiye ndinati n'zoona.

Khoma la sitoloyo ndi lopyapyala. Ndinkamva kugunda kwa mpira, kuwomba m'manja kwa anthu a kutali, ndi mawu a atelala akukwera kapena kutsika. Atelala akakhala chete ndinkadziwa kuti mnyamata wanga akuchita bwino. Koma kumva mpira popanda kuona amene waumenya kuli ngati kumva anthu akudya m'chipinda china. Ndinasankha mtedza wambiri tsiku limenelo, mwaukali, mpaka zala zinachita dzanzi.

Dzuwa litapendeka kanema anazima chifukwa cha swala, ndipo posakhalitsa amuna anga anatulukira pangodya ya mpanda. Anaima patali pang'ono chifukwa cha amayi a pasitolo. Anati masewero afika pa seti yomaliza, onse ali chimodzimodzi, ndipo anzawo awatuma kuti adzafunse kochi kuti apambana ndani.

Ndinati, "Ndidziwa bwanji? Ine ndikuona khoma."

"Ingotchulani mmodzi, mayi a mwana. Ndikabwerera chimanjamanja akandiseka."

"Kawauzeni kuti sindinaone."

Anaima kanthawi akukanda kumutu. Anati kodi sindingabwere kudzaona kotsalaku, malo aja akadalipo. Ndinangopitiriza kusankha mtedza. Anabwerera, ndipo ndinamva kuseka kukubuka mkati, mawu a atelala ali pamwamba. Sindikudziwa chimene anakawauza.

Mphepo inakula, mwana anayamba kutuluka chimfine, ndipo sindinafune kudutsa pakhonde anthu akutuluka. Ndinapereka mtedza wanga kwa amayi a pasitolo, ndinatulukira kukhomo la kumpanda, n'kuyamba ulendo wa kumudzi wapansi masewero asanathe. Amuna anga anafika kutada, akufunitsitsa kundifotokozera. Anayamba ndi zimene aphunzitsi ananena, kenaka zimene atelala anayankha, kenaka za munthu wina amene anagwa pathumba la soya. Nditawafunsa mmene mpira womaliza unayendera, anati nthawi imeneyo anali atatuluka kukaona njinga. Anangodziwa kuti wa atelala ndi amene ananyamula chikho.

Mtedza unapitirira kubwera mpaka mwezi wotsatira, ndipo ine ndinapitiriza kusankhira kuseri. Ndinkati ndidikira kuti dzina la kochi lizilale, kenaka ndibwerere pakhomo mwakachetechete mpikisano wina usanafike. Dzinalo silinazilale. Ana a kumudzi kwathu amandiitana nalo mpaka lero, ena osadziwa n'komwe chiyambi chake. Nyengo ya mtedza itabweranso ndinapita m'mawa kwambiri ndi thumba langa, ndipo ndinapeza pakhomo paja patakhala mayi wina watsopano wochokera cha ku Dzoole, amene ali ndi vuto la maso ndipo dzuwa limamuliza misozi. Anandiuza mokondwa kuti wapeza malo abwino amthunzi amene aliyense akuwakana. Amakhala atafulatira chitseko.